ZA NCHITO YA BWALO LA CHIGAWO, NDI M'MENE DANDAULO LA PAMUDZI LIMAYENDERA

Mau amene Mlembi ananena pa msonkhano wa Bungwe ku Chiradzulu, olembedwa kuti Mafumu ndi abale amene sanathe kufika awerenge.

 Ine sindine wophunzira kwambiri. Sukulu ndinalekera pa Standard Six ku mishoni, ndipo nchito yanga ndiyo kulemba makalata ndi mau a m'misonkhano. Chifukwa chake ndikaphonya m'kunena kwanga, mundikonze monga mwana wanu.

Pa msonkhano wathu wapita mkulu wina anafunsa, nati, Kodi iwo amene timawatuma ku mabwalo a Boma amachita chiyani tsiku lonse? Tiona apita, tiona abwera, koma mlatho wathu ukali wothyoka. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo a Komiti anandituma kuti ndiliyankhe. Tsono ndaganiza kuliyankha pofotokoza za bwalo limene makolo athu anali kukhalamo, ndilo Bwalo la Aafrika la Chigawo cha Kumwera, limene Azungu anali kulitcha African Provincial Council. Bwalo limenelo linatha kale, koma njira imene nkhani inali kuyendamo ndi yomweyo imene nkhani iyendamo m'mabwalo a lero. Chimene ndifuna kuti tichoke nacho muno ndi ichi: dandaulo la pamudzi likhala ndi moyo ngati lalembedwa, ngati lalowa pa ndandanda wa nkhani za bwalo, ndiponso ngati pali munthu wobwerera kukafunsa yankho lake. Likasowa chimodzi mwa zitatu izi, lafera m'njira.

ZA CHIYAMBI CHA MABWALO

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1907 linapatsidwa dzina la Nyasaland, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa bwalo lopanga malamulo, lotchedwa Legislative Council, limene linayamba kukumana ku Zomba mu 1908. Pampando panali kukhala Bwanamkubwa mwini. Pambali pake akulu a nchito ya Boma, ndi Azungu ena owerengeka osankhidwa ndi iye. Munthu wakuda munalibe ndi mmodzi yemwe. Mau a eni dziko anali kunenedwa ndi mmishonale: poyamba Dr Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, pambuyo pake Dr Robert Laws wa ku Livingstonia. Sindichepsa akulu amenewo, pakuti nthawi zina anatinenera molimbika. Koma akale anati, Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo sanali kulipira msonkho wa nyumba, ndipo sanali kugwira thangata.

Poona ichi, anthu ophunzira m'masukulu a mishoni anayamba kupanga mabungwe ao. Loyamba linali North Nyasa Native Association, m'chaka cha 1912. Kuno kwathu, Dr Daniel Malekebu, amene anatsegulanso mishoni ya P.I.M. ku Mbombwe mu 1926, anatsogolera kukhazikitsa Chiradzulu District Native Association mu 1929. Mabungwe awa analibe mphamvu ya lamulo. Chida chao chinali cholembera: anali kukumana, napangana mau, nawalemba, nawatumiza kwa Bwana D.C. ndi ku Zomba.

M'chaka cha 1933 Boma linapereka mphamvu kwa Mafumu ena kuti akhale Native Authority, ndiwo Mafumu okhala ndi mabwalo oweruza milandu ndi mphamvu yoika malamulo ang'ono m'dziko mwao. Mu 1944 mabungwe aja anaphatikana napanga Nyasaland African Congress ku Blantyre, mwa khama la Bambo James Sangala, ndipo Bambo Levi Mumba anakhala mtsogoleri woyamba. Chaka chomwecho, pokhala Bwanamkubwa Sir Edmund Richards, Boma linayamba kukhazikitsa Mabwalo a Zigawo. Mu 1946 anaika pamwamba pake bwalo lina la dziko lonse, lotchedwa African Protectorate Council, limene anthu ake anali kuchokera m'Mabwalo a Zigawo. Ndipo mu 1949 anthu akuda awiri oyamba, Bambo Ellerton Mposa ndi Bambo Alexander Muwamba, analowa m'bwalo la malamulo ku Zomba. Werengani zaka: kuchokera 1908 kufikira 1949, malamulo onse a dziko lino anapangidwa mwini dziko ali kunja kwa khomo.

Kotero panali makwerero. Nkhani inali kuchokera kwa nyakwawa, nifika kwa Mfumu, monga Mpama, Kadewere, Nkalo, Chitera, Likoswe kapena Ntchema. Kuchoka apo kwa Bwana wa pa Boma. Kenaka ku Bwalo la Chigawo. Ndipo ikakhala yokhudza dziko lonse inali kukwera kufikira ku Zomba. Pa khwerero liri lonse inali kutha kugwa.

ZA TSIKU LA MSONKHANO

Likulu la Chigawo cha Kumwera linali ku Blantyre, ndipo wapampando wa Bwalo anali Bwana P.C., ndiye mkulu wa ma D.C. onse a m'Chigawo. Ochuluka m'Bwalo anali Mafumu. Pamodzi nao panali anthu wamba owerengeka, monga aphunzitsi, abusa ndi alembi, olowa ndi chibvomerezo cha Boma. Pambuyo pake chiwerengero cha anthu wamba chinakula. Bwalo linali kukumana kawiri pa chaka. Chifukwa chake munthu wophonya msonkhano umodzi anali kutaya miyezi isanu ndi umodzi.

Nchito yeniyeni inali kuyamba tsiku la msonkhano lisanafike. Mfumu yofuna kuutsa nkhani inayenera kuitumiza msanga kudzera kwa Bwana D.C., kuti ilembedwe pa ndandanda, umene ena autcha ajenda. Boma nalonso linali kuikapo nkhani zake, monga lamulo latsopano limene lifuna kumva maganizo a Mafumu lisanalikhazikitse. Nkhani yosalembedwa pa ndandanda, wapampando anali ndi mphamvu yoikana, ngakhale ikhale yowawa chotani. Pano mpamene ambiri anali kugwa. Munthu wabwera ndi mtima wodzala, waimirira, wayamba bwino ndi mwambi, ndipo auzidwa kuti, Nkhani iyi palibe pa pepala, khalani pansi.

Atakhala pansi onse, wapampando anali kutsegula ndi mau ake, kunena za mvula, za mbeu, za msonkho, ndi zina zimene Boma lifuna kuti Mafumu akauze anthu. Chotsatira chinali kubvomereza maminitsi, ndiwo mau olembedwa a msonkhano wapita. Ambiri ayesa ichi mwambo wachabe, ndipo ndiyo nthawi imene amanong'onezana ndi anzao. Koma ine monga mlembi ndinena kuti palibe mphindi yoposa imeneyi. Maminitsi akabvomerezedwa ndi kusainidwa, asanduka mboni ya zimene bwalo linanena. Ngati Mfumu inati, Anthu anga akana, ndipo mlembi analemba kuti, Mfumu inapempha kuti nkhani iganizidwenso, ndiye kuti ku Zomba kudzafika pempho lofewa, kukana kuja kutatsala m'chipinda.

Zitatha izi anali kuwerenga mayankho a Boma pa mapangano a msonkhano wapita. Mayankho anali amitundu itatu makamaka. Lina linali lakuti Boma labvomera. Lina lakuti Boma silingathe chifukwa ndalama palibe. Ndipo lina, limene linali kubwera kawirikawiri, lakuti nkhani iri kuganizidwa. Munthu wochenjera anali kudziwa kuti yankho lachitatu ili liri ngati khomo lotsekedwa koma losapiringidzidwa, ndipo anali kupempha kuti nkhaniyo ilembedwenso pa ndandanda wa msonkhano ukudza.

Tsono anali kulowa m'nkhani zatsopano, imodzi imodzi monga zinalembedwera. Woutsa nkhani aimirira, nalankhula kwa wapampando, osati kwa mnzake amene atsutsana naye. Wina aimirira kumchirikiza. Ena anenapo mmodzi mmodzi. Nthawi zina anali kuitana mkulu wa za malimidwe, wa za maphunziro kapena wa za chipatala kuti ayankhe mafunso. Nkhani zake zinali zomwezo zimene anthu anali kukamba pa bwalo la mudzi: mtengo wa fodya, wa thonje ndi wa chimanga, gawo la msonkho lotsala m'thumba la Mfumu, kuchepa kwa masukulu, amuna opita ku Salisbury ndi ku migodi ya Joni nasiya akazi ndi ana, maukwati, malamulo a mizere m'minda, amene anthu anali kulipitsidwa nao ndi kumangidwa, ndipo koposa zonse, malo.

Panali chinthu china chobvuta, ndicho chinenero. Mafumu ambiri anali kulankhula Chinyanja, ena Chiyao ndicho cha kwao, ena Chilomwe. Koma mapepala opita ku Zomba anali m'Chingerezi. Chotero liu liri lonse linali kupita pakamwa pa womasulira ndi pa dzanja la mlembi. Mwambi wa Mfumu, umene kwathu kuno umatha mlandu, unali kufika uko utauma ngati nkhwani za chilimwe. Ichi ndicho chifukwa chake Mfumu yanzeru inali kusunga ubwenzi ndi anthu a mabungwe odziwa kuwerenga, kuti aone ngati cholembedwa chilingana ndi chonenedwa.

Pomariza pa nkhani iri yonse, wapampando anali kufunsa maganizo a Bwalo, ndipo pakakhala kusiyana anali kuwerenga manja. Chimene chapambana chinali kulembedwa monga pangano la Bwalo. Mafumu atabwerera kwao, alembi anali kutsala ndi makina a taipi, kukonza mapepala opita ku ofesi yaikuru ya Boma ku Zomba ndi kwa ma D.C. Mapepala otere asungidwa ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 1947. Ndipo kuti mudziwe mtengo wa pepala, kumbukirani kuti mu 1919 moto unatentha ofesi yaikuru ija ya ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba anapsa. Zimene makolo ananena kwa Boma m'zaka zimenezo, zambiri zinapita ndi utsi.

ZA MALIRE A MPHAMVU YAKE

Ndisakunyengeni: Bwalo la Chigawo silinali kupanga malamulo. Nchito yake inali kulangiza, ndipo Boma linali ndi ufulu womva kapena wosamva. Malamulo anali kupangidwa ku Zomba, ndipo kumeneko njira yake inali yotere. Lamulo lisanakhazikike linali kusindikizidwa mu Gazeti ya Boma, ndipo pa nthawi imeneyo litchedwa bilo. Bilo inali kuwerengedwa katatu. Poyamba anali kungotchula dzina lake. Kachiwiri anali kutsutsana za cholinga chake chonse. Kenaka anali kuisanthula ndime ndi ndime, kusintha liu apa ndi apo. Ndipo kachitatu anali kuibvomereza yonse. Bwanamkubwa akasaina, yasanduka lamulo, ngakhale a ku London anali ndi mphamvu yolikana. Ndiponso akulu a nchito ya Boma anali ochuluka m'bwalomo, ndipo sakanatha kuvota motsutsa Bwanamkubwa. Chotero chimene Boma lafuna chinali kuchitika.

Wina angafunse, nati, Nanga phindu la Bwalo la Chigawo linali chiyani, ngati linali lopanda mano? Ndiyankha potsata nkhani imodzi, imene ife a kuno tiidziwa koposa ena onse.

ZA NKHANI YA MALO NDI THANGATA

Inu mudziwa kuti malo ambiri a m'mapiri a Shire anatengedwa ndi atsamunda m'zaka zoyamba za Boma la Angerezi. Esiteti ya Magomero yokha, ya A. L. Bruce, inali ndi maekala oposa 100,000. Munthu wokhala pa esiteti anali kulipira malo ndi thukuta lake, ndiye thangata. Ndipo abale athu Alomwe, amene anachokera ku dziko la Apwitikizi nasowa malo kwina, ndiwo anasenza mtolo wolemera koposa. Mu Januwale 1915 Mbusa John Chilembwe anauka ku Mbombwe. William Jervis Livingstone, woyang'anira Magomero, anaphedwa. Mbusa mwini anaphedwa mu Febuluwale, tchalitchi chake chinagwetsedwa, ndipo ambiri a anthu ake ananyongedwa kapena kuomberedwa. Masiku amenewo kunalibe bwalo limene munthu wakuda akanaimamo kunena dandaulo lake. Mbusa anali atalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914, kudandaula za anthu akuda ofera pa nkhondo ya Azungu, koma Boma linailetsa.

Mu 1928 bwalo la ku Zomba linapanga lamulo la anthu okhala pa maesiteti. Linati munthu angathe kulipira malo ndi ndalama, kapena ndi nchito, kapena pogulitsa mbeu zake kwa mwini esiteti. Koma linapatsanso mwini esiteti mphamvu yochotsa gawo limodzi mwa magawo khumi la anthu ake pakutha pa zaka zisanu ziri zonse. Lamulo lokhudza moyo wa mabanja zikwi linawerengedwa katatu popanda mmodzi wa iwo kulimva. Chaka chotsatira ndi pamene bungwe la kuno ku Chiradzulu linabadwa. Kuyambira pamenepo nkhani ya malo siinachokenso pa mapepala. Mabungwe anailemba, Mafumu anainena kwa ma D.C., Congress inaitenga, ndipo Mabwalo a Zigawo atatsegulidwa inapeza malo ena oimapo.

Mu 1946 Boma linaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo. Iye anamva mboni za Azungu ndi za Aafrika, ndipo analangiza kuti Boma ligule malo a maesiteti osalimidwa ndi amene pakhala anthu ambiri, kuti anthu akhalepo mwaufulu. M'zaka zotsatira Boma linagula malo ambiri, kuphatikizapo gawo lalikuru la Magomero. Mu 1952 lamulo lija linasinthidwa, koma thangata anatsala. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chinabuka ku Thyolo, nichifika m'maboma oyandikana ndi kuno komwe, ndipo anthu 11 anafa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, pamene eni dziko anali atachuluka m'bwalo la ku Zomba.

Sindinena kuti mapepala okha ndiwo anamasula anthu. Mwazi unakhetsedwa, ndipo tiyenera kulemekeza amene anaukhetsa. Koma onani ichi: pa nthawi iri yonse imene Boma linakakamizidwa kumva, linapeza mulu wa madandaulo olembedwa, a chaka ndi chaka, onena chinthu chimodzi, ndipo silinathe kunena kuti silinauzidwe. Akale anati, Mlandu suola. Koma mlandu wa ku Boma suola pokhapo walembedwa. Kuchokera 1928 kufikira 1962 ndi zaka 34. Amene anayamba kulemba ambiri sanaone mapeto ake, ndipo analembabe.

ZA NTHAWI IMENE UPHUNGU UNAKANIDWA

Tiyenera kunenanso za kulephera. Pamene Boma la ku London linafuna kuphatikiza dziko lino ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, Mafumu ndi anthu wamba m'mabwalo anakana poyera. Mafumu ena anapita ku London mu 1953 kukadandaula, koma sanaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chaka chomwecho chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a Boma. Chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953, ndipo chinakhala kufikira pa 31 Disembala 1963. Apa anthu anaona poyera kuti bwalo lolangiza chabe liri ngati galu womangidwa: auwa, koma mbala ipita ndi mbuzi.

Komabe mabwalo omwewo anabala chinthu chimene Boma silinachiyembekeze. Mu 1956 mipando ya Aafrika ku Zomba inakhala isanu, ndipo osankha ake anali Mabwalo a Zigawo. Bwalo la Kumwera linatuma Bambo Henry Chipembere ndi Bambo N. D. Kwenje, la Pakati linatuma Bambo J. R. N. Chinyama ndi Bambo Dunstan Chijozi. La Kumpoto linatuma Bambo Kanyama Chiume. Anthu asanu sakanatha kupambana pa kuwerenga manja. Koma anaphunzira malamulo a bwalo, ndipo anagwiritsa nchito nthawi ya mafunso, pamene mkulu wa Boma ayenera kuyankha poyera. Mau onse a m'bwalomo anali kusindikizidwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo anthu anayamba kuligula ndi kuwerengerana, kuti amve m'mene anyamata aja anafunsira Azungu maso ndi maso. Buku la maminitsi linasanduka nyuzipepala ya mtundu. Mu 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anabwera. Mu Ogasiti 1961 kunachitika chisankho chachikuru choyamba. Ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu.

ZA MABWALO A LERO

Lero Malawi alibe bwalo la chigawo lopanga malamulo kapena lolangiza monga lija. Pali Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndipo pali Khonsolo ya boma liri lonse. Ku Lilongwe pampando pakhala Sipikala, ndipo aphungu onse ndi osankhidwa ndi anthu. Koma mwambo wa nchito ndi uja wakale. Pali ndandanda wa tsiku, pali nthawi ya mafunso kwa nduna, bilo iwerengedwa katatu ndi kusanthulidwa ndime ndi ndime isanapite kwa Mtsogoleri wa dziko kukasainidwa, Hansard ilembedwa, ndipo chinenero chake ndi Chingerezi.

Chapafupi ndi ife ndi Khonsolo ya Chiradzulu, yoyenda pa lamulo la maboma ang'ono la 1998. M'menemo mukhala makhansala, amene ali ndi mphamvu yovota, ndi aphungu. Mukhalanso Mafumu akulu ndi oimira magulu ena, amene alankhula koma savota. Inu Mafumu, onani kuti malo anu lero afanana ndi a makolo anu m'Bwalo la Chigawo: mphamvu yanu iri m'kulangiza, ndipo chida chanu ndi liu lolembedwa. Nkhani ikwera kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, nifika ku komiti ya dera la Mfumu, nilowa m'makomiti a Khonsolo, monga ya za chuma, ya za maphunziro, ya za umoyo ndi ya za ulimi, isanafike pa msonkhano wa Khonsolo yonse. Ndipo tisayese kuti mabwalo awa ndi chinthu chosatha kuchoka; kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala.

Nkhani ya malo nayonso siinathe. Pa kalembera wa 2018 boma lathu laling'onoli linapezeka ndi anthu oposa 350,000, ndipo mwa maboma onse a kumidzi ndi limodzi mwa othithikana koposa. Mdzukulu wa munthu wa thangata ali ndi ufulu, koma munda wake uchepa chaka ndi chaka pogawira ana. Amene adzanena za ichi m'mabwalo ndi ife tomwe.

ZIMENE NDIPEMPHA KUTI TICHITE

Choyamba, nkhani iri yonse imene tifuna kutumiza ku Khonsolo tiyambe taipangana muno, ndi kuilemba mwachidule: chabvuta nchiyani, chiri kuti, chakhudza mabanja angati, ndipo tipempha chiyani. Kunena kuti anthu abvutika sikukwanira. Tinene dzina la mtsinje, dzina la mudzi, ndi mwezi umene mlatho unathyoka.

Chachiwiri, tiitumize nthawi ikalipo, kudzera m'makomiti oyenera, kuti ilowe pa ndandanda. Ndipo chifaniziro cha kalatayo chitsale m'buku la Bungwe, ndi tsiku limene inapita ndi dzina la amene anailandira.

Chachitatu, otiimira atchere khutu powerengedwa maminitsi, ndipo asachite manyazi kuimirira ndi kunena kuti, Pepani a Wapampando, sindinatero. Kukonza liu limodzi pa nthawi imeneyo kuposa kudandaula chaka chathunthu pambuyo pake.

Chachinai, akabwera ku msonkhano atiuze yankho monga liri, ngakhale likhale lokana. Likakhala lakuti nkhani iri kuganizidwa, tiibwezere pa ndandanda, kachiwiri ndi kachitatu, osatopa. Dziwaninso kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za Boma, limene linayamba kugwira nchito mu 2020, lilola munthu wamba kupempha mapepala ku maofesi a Boma. Makolo athu analibe ufulu wotere.

Chachisanu, ndipo ichi ndinena ndi ulemu wonse: Mafumu ndi anthu ophunzira asayang'anane ndi diso la nsanje. Kale Boma linali kupindula pamene Mfumu iyesa mlembi wofuna kulanda mpando, ndi pamene mlembi ayesa Mfumu munthu wa Boma. Mfumu idziwa malire a minda ndi mbiri ya mabanja, ndipo anthu aimvera. Wophunzira adziwa njira ya pepala. Pa nkhani ya Chitaganya anaima pamodzi, ndipo ngakhale anagonja mu 1953, patapita zaka khumi anapambana. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa mkulu uja anafunsa za mlatho ndiyankha kuti: tiyeni tisanabalalike lero tione m'buku lathu ngati kalata ya mlathowo inalembedwa, inapita liti, ndipo ndani anapita kukafunsa yankho lake. Tikapeza kuti zonse zitatu zinachitika, mlandu uli kwa otiimira ndi kwa Khonsolo, ndipo tidzawafunsa poyera ndi pepala m'manja. Tikapeza kuti sizinachitike, mlandu uli pa ife, ndipo ine ndabwera ndi cholembera.

 

Ndine mtumiki wanu,
Mlembi wa Bungwe.